Kupezera mabuku malo pa bajeti ya banja popanda kukhudza thumba la ufa

Ndalama ikamalowa m'nyumba imakhala ili kale ndi eni ake. Lendi, chimanga ndi chigayo, makala, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, sopo, ndiwo. Buku silipezeka pa mndandandawu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: likasowa palibe amene amagona ndi njala, palibenso mwini nyumba amene amabwera kudzagogoda. Ndiye timangoti tidzagula zikadzatsala, koma ndalama ya m'nyumba simatsala. Ine ndimasoka zovala pakhonde la shopu ku Chinamwali muno mu Zomba, bambo a kunyumba amalandira pakutha pa mwezi, ndipo tili ndi ana ku pulayimale ndi ku sekondale komwe, kuphatikiza anganga awo omwe timakhala nawo. Pano ndifotokoza njira yomwe timatsata kuti m'nyumba muzikhala chowerenga, cha ana ndi chathu akuluakulufe.

Yambani ndi kope. Kwa mwezi wathunthu, usiku uliwonse musanagone, lembani chilichonse chomwe chatuluka, ngakhale ndalama ya mulu wa tomato, ndipo mulembe nonse awiri, bambo ndi mayi. Musasinthe kagulidwe mwezi umenewo, ingolembani. Mwezi ukatha gawani zomwe mwalembazo patatu. Pali zosadikira, monga chakudya, lendi ndi mankhwala. Pali zobwera pa nyengo yake yodziwika, monga feteleza ndi yunifolomu. Ndiye pali zongotuluka osazimva: mayunitsi a foni, bandulo yothera pa Facebook, kabaza pamtunda woti mukanayenda, zakumwa, kubetcha pa mpira. Ndalama ya mabuku itengeni m'gulu lachitatuli basi. Pa ndiwo musachotsepo ayi. Mwana wanjala sawerenga, ndipo mayi amene wadula ndiwo chifukwa cha buku amayamba kulida bukulo.

Ikhale ndalama yochepa koma yosadumpha. K500 pa sabata ikafika pachaka ndi K26,000, K1,000 ndi K52,000. Vuto ndi lakuti kwacha sikhala pamodzi. Idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza mapepala osindikizira amachokera kunja, mitengo ya mabuku imakwera motsatira. N'chifukwa chake ife sitinaike chiwerengero chokhazikika. Tidagwirizana kuti ya mabuku izifanana ndi mtengo wa paketi ya shuga pa masabata awiri alionse. Shuga akakwera, nayonso yakwera. Musaisungenso nthawi yaitali. Nthawi yogula ikakwana, igwiritseni ntchito isanathe mphamvu.

Yathu timaika mu envulopu, m'kabati ya makina osokera, pansi pa zibenthu za nsalu. Sindikulimbikitsa kuisunga ku Airtel Money kapena ku Mpamba pamodzi ndi ndalama zina, chifukwa ya m'foni imachoka ndi chala chimodzi mbale wanu akangoimba, komanso potapa amadulapo. Buku lisakulowetseni m'katapila, ngakhale mwana alire bwanji kuti anzake onse ali nalo. Ngati muli mu banki mkhonde, tsiku logawana masheya patulani kagawo ka mabuku pomwepo musanadzuke pamkeka, chifukwa mukafika nazo kunyumba mu Disembala, feteleza ndi Khirisimasi zimakhala zikudikira pakhomo.

Nthawi yogula ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu Seputembala, sukulu zikamatsegulira, aliyense amafuna buku lomwelo, wogulitsa sanenerera, ndipo inu muli kale pa yunifolomu, nsapato ndi makope. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya chimanga chodula, envulopu ingosonkhanitsa. Gulani pakati pa Meyi ndi Julayi. Ufa umakhala wapepuka, a Sitandade 8 amakhala atalemba mayeso awo, ndipo a Fomu 4 akamamaliza MSCE mabuku awo amangokhala. Lankhulani ndi makolo awo mayeso asanathe. Ambiri amagulitsa motchipa, ena amangopereka, ena amafuna kusinthana ndi kanthu. Ine ndidasokapo diresi posinthana ndi mabuku a sayansi a Fomu 3 ndi 4, tonse tinapita kwathu okondwa. Ophunzira a ku University of Malawi omwe amachita lendi ku Chikanda nawonso akamalongedza amasiya madikishonale ndi mabuku a nkhani.

Koma musanatulutse ndalama, dzifunseni ngati bukulo ndi logula kapena lobwereka. Logula ndi lomwe lidzatsegulidwa kambirimbiri: dikishonale, buku la masamu, atilasi, Baibulo, buku la nyimbo, ndi kabuku ka zithunzi kamene mwana wamng'ono amafuna kukamva usiku uliwonse mpaka kukaloweza. La nkhani loti munthu awerenga kamodzi n'kulisiya, bwerekani. National Library Service, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili ndi nthambi muno mu Zomba. Pitani ndi mwanayo, mukafunse zoyenera kuti akhale membala, ndipo musiyeni asankhe yekha. Funsaninso za timabuku ta ana ta Werengani, tomwe laibulaleyi imasindikiza yokha. Masiku obweza muziwalemba m'kope lija la bajeti, chifukwa chindapusa cha buku lochedwa kapena lotayika chimatuluka mu envulopu yomweyo.

Mabuku a boma a ku pulayimale amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education konkuno ku Domasi, ndipo amalembedwa pachikuto kuti si ogulitsa. Mukawapeza pamsika musagule. Buku limenelo lachoka m'manja mwa mwana wina m'kalasi, ndipo ife tikamagula ndiye kuti tikuuza wakubayo kuti akatengenso. Njira yabwino ndi kupita kwa aphunzitsi n'kupempha kuti mwana azibwera nalo kunyumba, inu n'kulonjeza kulikutira ndi kulisamala.

Kwa mwana wa Sitandade 1 mpaka 3 yambani ndi Chichewa, zilembo zikuluzikulu, zithunzi zambiri, mawu ochepa pa tsamba. Makolo ambiri amathamangira Chingerezi poganiza kuti akumuthandiza, chifukwa akafika Sitandade 5 pafupifupi phunziro lililonse limakhala m'Chingerezi. Koma mwana amene waphunzira kulumikiza maphatikizo m'chilankhulo chomwe amachimva, akatenga buku la Chingerezi amangolimbana ndi mawu atsopano, osati ndi kuwerenga kwenikweniko. Pogula mutengeni. Mutsegulireni tsamba la pakati, awerenge mokweza pomwepo, inu muzipinda chala pa liwu lililonse lomwe wakakamira. Zala za dzanja limodzi zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira, likagulidwa likangogona. Akadutsa osapunthwa paliponse, limenelo ndi la mng'ono wake.

Pali njira ina yomwe ndimaikonda kwambiri, mwina chifukwa cha ntchito yanga. Pa intaneti pali African Storybook, pomwe pali timabuku ta ana taulere m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chili pomwepo, ndipo amalola kutisindikiza. Mwana asawerengere pafoni, imadya bandulo ndipo mauthenga amamusokoneza. Sankhani nthano, pitani nayo kwa osindikiza m'tauni, muwauze aike masamba awiri pa pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, mwa dongosolo la kabuku, yakuda ndi yoyera. Mukafika kunyumba sanjani mapepalawo, apindeni pakati, mukande mzerewo ndi chikhadabo kuti ugone. Dulani katoni ya sopo yokulirapo pang'ono kuposa mapepalawo, imateni chibenthu cha chitenje, nsonga zake muzipindire mkati. Kenako boolani mabowo asanu pamzere wopindawo ndi singano yaikulu, lowetsani ulusi wopinda kawiri kuyambira pa bowo la pakati, kupita kumtunda, kubwerera, kutsika, n'kudzamangira mfundo pakati pomwe munayambira. Pa makina zimathekanso ngati mapepala ndi ochepa, koma talikitsani msoko, chifukwa msoko wothinana umadula pepala n'kuling'amba. Zithunzi zosapaka utotozo mwana amazipaka yekha ndi makerayoni, n'kulemba dzina lake pachikuto, ndipo kabuku kotero sakataya.

Ku sekondale ndiko ndalama imalira. Musagule chilichonse musanatenge mndandanda kwa aphunzitsi a phunzirolo, wokhala ndi dzina la buku ndi wolemba. Silabasi imasintha, mabuku a nkhani ndi ndakatulo omwe amafunsidwa pa mayeso amasinthidwanso pakapita zaka, ndiye buku lotchipa la achimwene ake a mnzake likhoza kukhala loti lidachotsedwa kale. Buku lakale lifufuzeni musanalipire: onani tsamba lomaliza ngati lilipo, yendetsani chala pa manambala a masamba kuti muone ngati sanazulemo chigawo, ligwedezeni mozondotsa, linunkhizeni. Lonunkha chinyontho lisiyeni, lidzapatsira anzake nkhungu. Za kuchita fotokope buku lathunthu sindigwirizana nazo. Mukawerengera masamba onse mtengo wake umayandikira wa buku lenileni, inki imafufutika teremu isanathe, ndipo wolembayo, yemwe kawirikawiri ndi mphunzitsi wa konkuno, sapezapo kanthu.

Chomwe chatithandiza kwambiri ndi chipereganyu cha mabuku. Ndife mabanja angapo a mumzere umodzi omwe ana athu ali m'makalasi oyandikana. Tisanagule timakhala pansi n'kugawana: awa Biology, awa Geography, awa dikishonale ya Chingerezi. Palibe nyumba ziwiri zogula buku lofanana. Kope lobwereketsa limakhala kwa mayi mmodzi, wotenga amasaina, buku limagona kunja sabata imodzi, ndipo wotaya amagula lina, osati kupepesa chabe. Lamulo lomalizali likambidwe poyambirira penipeni, anthu akadali kuseka, chifukwa likadzatuluka buku litatayika kale chibale chimatha. Pafupi ndi mayeso ana amangosonkhana m'nyumba imodzi n'kuwerengera pamodzi. Mu gulu lotere muyesetse kukhala ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe udakonzedwa ndi a Centre for Language Studies muno mu Zomba n'kutuluka m'chaka cha 2000. Ana ena amalephera Chichewa pa mayeso chifukwa choganiza kuti amachidziwa kale.

Tsopano za ife akulu. M'nyumba zambiri buku limaoneka ngati yunifolomu, chinthu cha mwana wasukulu chomwe wamkulu adachivula kalekale. Mwana amaona zimenezo. Mukamuuza kuti awerenge inu muli pafoni, amamva kuti kuwerenga ndi chilango cha ana. Ndiye pa maulendo atatu alionse ogula mabuku, kamodzi envulopu ndi ya akulu, ndipo tisachite nazo manyazi. Bambo a kunyumba amakonda mbiri, ndiye amafunafuna mabuku a Kachere Series, osindikizidwa muno mu Zomba, ofotokoza mbiri ya mipingo ndi ya dziko lino. Ine ndimafuna nkhani za m'Chichewa, ndipo Nthondo ya Samuel Josia Ntara, yomwe idatuluka mu 1933, tidawerengerana mokweza ndi mwana wanga wachisamba, iye tsamba ine tsamba. Nyuzipepala ya Loweruka ikagulidwa isathere kukulungira mandasi tsiku lomwelo. Masamba a Chichewa, monga Tamvani kapena Tikambe, achotseni muwasunge, pakutha pa chaka muwasoke pamodzi. Timapepala ta ulimi tomwe alangizi amagawa, ndi ta zaumoyo ta ku sikelo, n'taulere ndipo n'tothandiza.

Zinthu ziwiri zomwe si mabuku ndimaziwerengera mu envulopu yomweyi. Choyamba ndi nyale. Ngati kwanu magetsi kulibe kapena amazimazima, kugula koyamba kukhale kanyale ka sola, chifukwa nthawi yowerenga m'nyumba ya anthu ogwira ntchito ndi usiku, ndipo makandulo a chaka chonse amaposa mtengo wa nyaleyo. Chachiwiri ndi magalasi. Anganga adasiya kutsegula Baibulo lawo osanena chifukwa, tonse tinkangoti atopa. Atayezedwa maso n'kupeza magalasi owerengera, adabwerera ku Masalimo awo, ndipo pano mdzukulu akadumpha mzere powawerengera amamubweza: "Iwe, bwerera pamwambapo, wasiya mawu."

Kasungidwe nakonso ndi bajeti, chifukwa buku lowonongeka ndi ndalama yotayika. Kuno kunsi kwa phiri chinyontho n'chambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, chiswe ndi mphemvu nazo sizigona. Mabuku asakhale pansi, asatsamirenso khoma. Thabwa lopachika ndi lokwanira, bola lisagunde khomalo, ndipo m'nyengo ya mvula omwe sakuwerengedwa alowe mu ndowa ya pulasitiki yovindikira. Mu Ogasiti atulutseni muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limasungunula guluu wa pamsana. Lililonse likutireni tsiku lomwe lalowa m'nyumba, pepala la thumba la shuga kapena kalendala yakale zimagwira. Koma a ana aang'ono musawakweze pamwamba poopa kuti ang'amba. Akhale pomwe dzanja lawo lifika, long'ambika timamata.

Idzafika nthawi yoti mwana wadwala usiku kapena kumudzi kwagwa maliro, ndipo ndalama yokhayo m'nyumba ndi ya mu envulopu. Itengeni osakayika. Kungoti lembani m'kope kuti mwatenga zingati ndi tsiku lake, ngati mmene mungalembere ngongole ya kwa munthu, ndipo muzibweza pang'onopang'ono pamwamba pa ya masabata onse. Pamene ikubwerera, miyezi imeneyo ikhale ya ku laibulale ndi ya kope lobwereketsa la mumzere, kugula kudikire Meyi.