Zoyenera kuchita musanasunge nyama yakutchire pakhomo

Amene amayenda mumsewu wa M1 mwina anaonapo mnyamata atanyamula kamwana ka pusi, chingwe chili m'chiuno, akuitanira ogula. Ambiri amagula chifukwa cha chisoni, osadziwa kuti kawirikawiri mayi wa kamwanako amayamba waphedwa, ndiponso kuti potulutsa ndalamazo iwo eni aphwanya lamulo.

Musanachite china chilichonse, dziwani lamulo loteteza nyama zakutchire la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017. Lamuloli limati nyama zakutchire zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa Amalawi onse, choncho ngakhale gwape mwamugwira m'munda mwanu momwe, sindiye kuti wasanduka wanu. Nyama zinagawidwa m'magulu malinga ndi kusowa kwake, ndipo wopezeka ndi nyama ya m'gulu lotetezedwa kwambiri, monga ngaka, atha kukakhala kundende mpaka zaka 30.

Ngati mtima wanu uli pa kusunga nyama, pitani kunthambi ya boma yoona za nyama zakutchire mukapemphe chiphaso nyamayo isanafike pakhomo, osati itafika kale. Konzekani kufotokoza kumene nyamayo ichokera, kukula ndi kulimba kwa khola, chakudya chake, komanso dokotala wa ziweto amene aziiona ikadwala. Apa ndi pamene ndimalangiza anthu kuti adzifunse moona mtima. Kamwana ka nyani kamene lero kakumwa mkaka m'botolo kadzakula, kadzamera mano ataliatali otha kung'amba dzanja la mwana wa mnansi wanu, ndipo nyani amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20. Chingwe chija chimalowa m'mnofu nyama ikamakula, mpaka kusiya chilonda chozungulira chiuno chonse. Palinso matenda monga chiwewe ndi chifuwa chachikulu, omwe nyamazi zimatha kupatsirana ndi anthu. Za nsato ndi ng'ona, ine sindiona khomo la m'tauni limene lingazisunge popanda kuika ana pachiswe.

Nyama yochokera kunja imafuna zikalata zina. Dziko lathu lili m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, ndipo pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Wogulitsa akalephera kuonetsa chilolezo cha CITES, musalipire, ndipo kumbukirani kuti pamafunikanso chilolezo cha nthambi yoona za umoyo wa ziweto.

Nanga ngati nyamayo muli nayo kale? Musakaitaye kuthengo, chifukwa nyama yoleredwa ndi anthu sidziwa kudzifunira chakudya ndipo imabwerera kumidzi kumene imakaphedwa. Musaigulitsenso kwa wina, poti kutero n'kuwonjezera mlandu. Dziwitsani ofesi ya nyama zakutchire ya m'dera lanu kapena bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, lomwe limagwira ntchito ndi boma polandira apusi, anyani ndi nyama zina zopulumutsidwa, n'kubwezera kutchire zimene zingathe kubwerera. Podikira kuti afike, isungeni pamthunzi m'malo otsekeka bwino, ipatseni madzi, ndipo ana asaiyandikire. Ikaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.