Nthambi za mpesa zinkangowolera m'machubu

Mu Disembala ndinapempha nthambi 10 za mpesa kwa aneba, n'kuzibzala m'machubu a dothi lakuda losakaniza ndi manyowa. Zinaphukira msanga ndipo ndinasangalala kwambiri, koma patangopita milungu itatu zonse zinafota. Nditazula imodzi ndinapeza kunsi kwawola, ngakhale kamuzu kalibe. Mpesa umatha kutulutsa masamba mizu isanabwere, ndiye ine poona masambawo ndinkangothira madzi osaleka.

Ulendo wachiwiri ndinadikira mpaka Julayi, kukuzizira, mpesa utayoyola masamba. Ndinasankha nthambi zokhwima, zonenepa ngati pensulo, iliyonse ya maso 3 kapena 4. Kunsi ndinkadula mowongoka, pafupi ndi diso, kumtunda mopendeketsa, kuti ndisasokoneze, chifukwa nthambi yobzalidwa mozondoka siichita bwino. Manyowa ndinawasiya. Ndinatenga mchenga wa kumtsinje, n'kukwirira maso awiri. Machubu ndinawaika pamthunzi wa mtengo wa mango, pamwamba pa njerwa poopa chiswe, ndipo ndinkathirira pokhapokha mchenga ukayamba kuuma.

Pofika Okutobala, nthambi 7 zinali ndi mizu yoyera bwino. Ndinaziokera m'munda mvula yoyamba itanyowetsa nthaka.