Momwe mungasewerere ndi thupi ngati ndinu senta pa hockey ya pa ayezi

Anthu ambiri akamva za hockey ya pa ayezi amaganiza za zibakera ndi anthu okankhana kumpanda mpaka galasi kunjenjemera. Zimenezo zilipo ndithu, koma kwa senta nkhani ya thupi ndi ina. Senta, wosewera wa pakati mwa atatu akutsogolo, ndiye amalimbirana puck (kachimbale kolimba ka labala komwe kamalowa m'malo mwa mpira) pa faceoff, pomwe woimbira amaponya puck pakati pa osewera awiri poyambitsa masewera, ndiye amatsika kukathandiza otchinga kumbuyo pafupi ndi golo lake, kenako n'kuthamanga bwalo lonse, lomwe kuno ku Canada ndi lotalika mamita 61, kukafika ku golo la adani. Munthu wa ntchito yotereyi akamangosaka woti amugunde, pakati pa bwalo pamatsala pululu ndipo timu imamwetsedwa. Thupi lake n'lolandira malo, kutchinga njira, ndi kukana kusunthidwa pamene waima. Ndikulembera makolo amene ana awo alowa m'masewerawa, komanso akuluakulu anzanga amene tinayamba mochedwa m'maligi a usiku.

Za kutsetsereka, kuima ndi kubwerera chammbuyo sindinenapo. Ngati ma skate, nsapato zokhala ndi mpeni pansi, akadakuzunguzani, yambani mwathana nawo kaye.

Yambani ndi kufunsa zomwe ligi yanu imalola

Safunsa anadya phula. Bungwe la Hockey Canada linachotsa kugunda ndi thupi pa ana a zaka 11 ndi 12 mu 2013, moti pano kumayambira pa gulu la U15, la ana a zaka 13 ndi 14. Ku America bungwe la USA Hockey linachita zomwezo mu 2011. Maligi ambiri a akuluakulu osewera madzulo sakulola m'pang'ono pomwe, ndipo kwa amayi kwakhala koletsedwa pa mipikisano ya dziko lonse kwa zaka zambiri, ngakhale kuti ligi ya amayi ya PWHL, yomwe inayamba mu 2024, imalola kugundana polimbirana puck. Koma musanamizidwe. Kuletsa kugunda sikuletsa kukhudzana. Kutsamirana, kupanikizana kumpanda, kukankhana ndi chiuno kutsogolo kwa golo, zonsezi zimachitika m'ligi iliyonse, ndipo ndi zimenezi zomwe senta amadyera.

Zokupititsani m'kabokosi ka chilango n'zodziwika: chigongono, kukola mnzanu ndi ndodo, kumukankha ndi ndodo yopingasa, kutchinga munthu amene alibe puck. Izi nthawi zambiri ndi mphindi 2. Kugunda munthu kumsana kapena kumutu n'kwina, mukhoza kudya mphindi 5 n'kutulutsidwiratu. Ligi ya NHL, yaikulu kwambiri ku Canada ndi ku America, inakhazikitsa lamulo lapadera loteteza mutu mu 2010, ndipo ana ambiri kuno amavala chizindikiro cholembedwa STOP kumsana kwa malaya awo kuti wobwera kumbuyo aganize kawiri.

Zovala: pena sungani ndalama, pena ayi

Masewerawa ndi oboola m'thumba, ndiye palibe manyazi kugula zakale. Magolovesi, kabudula wa zotchinga, zotchingira miyendo, zonsezi gulani zogwiritsidwa kale ntchito m'mashopu a zamasewera, zimagwira bwinobwino mukazichapa. Chipewa cholimba choteteza mutu chokha ndiye ayi. Pa Facebook pali akamberembere ogulitsa zipewa zong'aluka mkati atazipukuta kunja kuti ziwale, ena atamatapo okha kachizindikiro. Gulani chatsopano chokhala ndi chizindikiro chotsimikiza kuti chinayesedwa, cha CSA, kapena HECC ngati muli ku America, ndipo chikhale ndi chitsulo chotchinga nkhope. Senta amawerama pa faceoff nkhope ili pafupi ndi ndodo ziwiri, mano sachedwa kuguluka.

Chotchingira khosi musachione ngati cha ana okha. Mu Okutobala 2023 Adam Johnson wa timu ya Nottingham Panthers anamwalira ku Sheffield atachekedwa pakhosi ndi mpeni wa skate, ndipo kuchokera pamenepo mabungwe angapo, kuphatikizapo IIHF, loyendetsa hockey pa dziko lonse, analamula kuti aliyense azivala. Mtengo wake ndi wozizira kuposa ndodo yotchipa.

Ndodo nayo ili ndi nkhani. Zapamwamba zimadutsa madola 300 a ku Canada, koma faceoff imadya ndodo, imatekedza kunsonga ndi kuthyola pakhosi pake. Tengani yapakatikati. Nambala ya kulimba kwake ikhale pafupifupi theka la kulemera kwanu m'mapaundi, ndipo kumbukirani kuti mukaidula kuti ifupike imaumanso kwambiri. Zija mumaziona pa intaneti za dzina lalikulu koma mtengo wa tomato, zisiyeni, zimaduka tsiku lomwelo.

Kaimidwe

Pindani mawondo mpaka aphimbe zala za kuphazi mukayang'ana pansi, mapazi atalikirane kuposa mapewa pang'ono, matako kumbuyo, chifuwa chodzuka, ngati mukufuna kutukula thumba la chimanga. Wotsika ndi amene amapambana. Sidney Crosby wa Pittsburgh Penguins ndi wa masentimita 180 okha, wamfupi pakati pa zimphona za NHL, koma muonereni ali kuseri kwa golo: wapatsa mdani msana, miyendo watangadza, puck ili kutali kunsonga ya ndodo, ndipo munthu wamkulu kuposa iye akungomuzungulira osaipeza. Mphamvu imeneyo ili m'ntchafu ndi m'chiuno, osati m'manja.

Pa faceoff

Bwalo lili ndi madontho asanu ndi anayi oponyerapo puck, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi inu mukaimepo. Tsitsani dzanja lakumunsi pafupi ndi nsonga ya ndodo. Ambiri amalitembenuza dzanjalo kuti akoke puck chammbuyo ndi mphamvu. Maso akhale padzanja la woimbira, osati pa ayezi, chifukwa mukadikira kuona puck itagwa mwachedwa kale. M'malamulo a NHL amene ali kumbali ya golo lake ndiye amayamba kuika ndodo pansi, kupatula padontho la pakati pomwe amayamba ndi mlendo. Mukafulumira kusuntha woimbira amakuchotsani, ndipo mnzanu wolowa m'malo mwanu akalakwitsanso timu imalangidwa.

Nanga mukakumana ndi wamanja achangu kuposa inu? Apa ndiye pogwiritsa ntchito thupi. Iwalani za puck. Menyani ndodo yake kapena itukuleni, lowetsani chiuno pakati pa iye ndi dontho, mutembenuke kuti akhale kumsana kwanu. Puck ikhala ili m'mapazi mwanu, ndipo mnzanu wa kumbali adzaitola. Muuzeni musanawerame kuti mukufuna kutero, apo ayi adzangoima n'kumakuonererani. Ena amaikankhira kumbuyo ndi skate, koma funsani kaye ngati ligi yanu imalola. Ndipo mukaluza faceoff pafupi ndi golo lanu, musamutaye senta mnzanuyo. Mutsatireni, ndodo yanu pansi pa yake, chifukwa akulunjika pagolo.

Kumpanda

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinaonera zakuda. Mpanda wozungulira bwalo ndi bwenzi lanu mukautsamira, koma ndi mdani mukaima nawo motalikirana mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukakhala mwaumata, munthu akakugundani mphamvu yake imapita m'matabwa ndi m'galasi, zomwe zimagwedera n'kuimeza. Mukakhala pakati pa bwalo mumangogwa n'kutsetsereka. Koma pa kamtunda kakang'ono kaja mumagwa chamutu, ndipo choyamba kufika pampanda ndi phewa, khosi kapena mutu.

Ine zinandichitikira m'ligi yosalola kugunda n'komwe. Puck inapita pakona ya kumbali yathu, ndinaithamangira molunjika, n'kuima chilili patsogolo pa mpanda, maso ali m'mapazi kufuna kuitola. Kumbuyo kunkabwera bambo wina amene mabuleki ankamuvuta. Sanafune zoipa, anangolephera kuima. Ndinangomva kuti phwa paphewa lakumanja, ndipo podzuka mkono unali lende, pamwamba pa phewa patatuluka kachotupa kolimba pomwe fupa linasiyana ndi linzake. Zotchingira mapewa zomwe ndinavala ndinagula kwa munthu wina pa intaneti, zopyapyala, siponji yake itafota kale. Nyengo yonse ya masewera inapita, ndipo kuvala malaya m'mawa kunkafuna wondithandiza.

Ndiye chitani chonchi. Choyamba, musapite kumpanda molunjika. Bwerani mokhota, mopendekeka, kuti pofika pa puck mukhale mukuyenda motsatana ndi mpandawo, mapazi osaima. Chachiwiri, musanafike cheukani paphewa, kawiri ngati n'kotheka, muone akubwera ndani, kuchokera mbali iti, komanso mnzanu ali pati. Zimenezi zichitike puck isanafike pandodo, chifukwa ikafika maso amakana kuchokapo. Chachitatu, mukaona kuti akugundani basi, sendererani kumpanda mpaka phewa ndi chiuno zikhudze, mawondo opinda, mutu uli m'mwamba, manja ndi ndodo patsogolo. Landirani ndi mbali yonse ya thupi, osati nsonga ya phewa. Zimamveka phokoso lalikulu moti oonerera amakuwa, koma inu simumva kupweteka kwenikweni.

Pali zinthu ziwiri zomwe mantha amakuuzani kuti muchite, ndipo zonse n'zoopsa. China ndi kuwerama kuti munthu akudutseni pamwamba, zomwe zimaika mutu wanu pamlingo wa chiuno chake. China ndi kutembenuka mwadzidzidzi n'kumupatsa nambala ya kumsana iye atayamba kale kugunda. Woimbira adzamulanga inde, koma wopita kuchipatala ndi inu. Ngati mwagwa ndipo mukutsetserekera kumpanda, dzutsani mutu, tsogozani manja kapena mapazi. Chibwano chikakhala pachifuwa khosi limawongoka, ndipo ndi mmene mafupa a m'khosi amathyokera.

Njira yophunzirira ndi yosavuta. Pezani mnzanu wa msinkhu wanu, muime motsamira mpanda, iye azikukankhani pang'onopang'ono uku inu mukusunga puck ndi mapazi. Kenako muziyenda m'mbali mwa mpanda iye akukupanikizani. Onjezerani liwiro pokhapokha thupi litazolowera. Mabwalo ambiri ali ndi nthawi yotsegulira aliyense wobwera ndi ndodo ndi puck, ndipo masana a pakati pa sabata mtengo umatsika, anthunso amachepa. Kwa ana ofika pa U15, makochi amachititsa maphunziro a kugunda ndi kulandira. Makolo, musawadumphitse amenewo pofuna kusunga ndalama.

Kutsogolo kwa golo lanu

Lamulo ndi limodzi: khalani pakati pa munthu wanu ndi golo. Muyang'aneni pachifuwa, osati pa puck, chifukwa puck imanama koma chifuwa chimapita komwe mwini akupita. Akaima pamaso pa goloboyi wanu, musalimbane n'kumugwetsa. Lowetsani ndodo yanu pansi pa yake, nthawi yomwe puck ikubwera itukuleni. Pavel Datsyuk wa Detroit Red Wings ankalanda anthu puck mwanjira imeneyi akuchokera kumbuyo, eni ake osadziwa, ndipo anatenga chikho cha Selke, cha wosewera kutsogolo wodziwa kutchinga, zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2008. Patrice Bergeron wa Boston Bruins anachitenga kasanu ndi kamodzi asanapume mu 2023. Onsewa anali masenta, ndipo palibe amene amawakumbukira chifukwa chophwanya anthu. Kwa ine, wofuna kuphunzira ntchitoyi aonere Aleksander Barkov wa Florida Panthers, makamaka nthawi yomwe alibe puck.

Kugolo la adani n'chimodzimodzi, kungoti mwasinthana malo. Imani patsogolo pa goloboyi kumutchinga maso, kunja kwa kamalo kopakidwa buluu, miyendo yotangadza, ndodo pansi. Msana udzalandira ndodo zambiri. Pirirani, musabwezere, woimbira amaona wachiwiri.

Kugunda kwenikweni

Ngati ligi imalola, musamuthamangire munthu maso ndi maso. Mutsekereni pakati, mumukusire kumpanda mpaka njira imuthere, kenako phewa lanu pachifuwa chake, zigongono pansi, mapazi osachoka pa ayezi. Cholinga ndi kumulekanitsa ndi puck. Mukaona nambala ya kumsana, siyani. Ndipo musanapite, dzifunseni kuti mukaphonya atsala ndani kumbuyo.

Inunso podutsa pakati ndi puck dzutsani mutu. Eric Lindros wa Philadelphia Flyers anali chimphona cha masentimita 193, koma mu 2000 Scott Stevens wa New Jersey Devils anamupeza akudutsa mzere wa buluu ataweramitsa mutu, n'kumugunda mpaka ubongo kugwedezeka. Crosby yemwe uja anakhala kunja miyezi yoposa khumi mu 2011 chifukwa cha kugwedezeka kwa ubongo. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kapena kuwala kukukulasani m'maso mutagundidwa, tulukani ndipo musabwerere tsiku limenelo, kaya anzanu anene chiyani. Kaonaneni ndi dokotala.

Zotsalazo n'zachidule. Limbitsani miyendo ndi pamimba, kunyonyomala ndi mwendo umodzi kumathandiza kuposa kutukula zitsulo ndi manja, ndipo sikufuna kulipira jimu. Musakhalitse pa ayezi, masekondi 45 akwana, chifukwa wotopa amawongoka mawondo n'kuyamba kukola anthu ndi ndodo. Ma skate muzinoletsa pafupipafupi, ndipo mukalandira yang'anani ngati mbali ziwiri za mpeni zili zofanana. Ikani kandalama kachitsulo pamwamba pa mpeniwo mutautembenuza: kakapendekeka, bwererani nawo akanolenso musanachoke pashopupo.