Momwe Mungawambire Nsomba Popanda Kuziunjikira Poizoni wa mu Utsi

Aliyense amene anafikapo pa madoko a Elephant Marsh kapena pamsika wa Bangula amaudziwa mlamba wowamba, wakuda bii, wonyezimira mafuta. Ogula ambiri amati kuda kumeneko ndi umboni woti nsomba yauma bwino, koma mbali ina ya kudako ndi mwaye, ndipo m'mwaye mumakhala mankhwala amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti PAH.

Mankhwalawa amapangidwa ndi kaboni ndi haidrojeni basi. Maatomu 6 a kaboni amalumikizana n'kupanga mphete, ndipo mphetezo zimagwirana mbali ndi mbali monga timabowo ta m'chisa cha njuchi. Zikagwirana ziwiri pamakhala naphthalene, amene amapezeka m'timibulu toyera tonunkha toika m'zovala pothamangitsa njenjete. Zikagwirana zitatu pamzere woongoka pamakhala anthracene. Woopsa kwambiri ndi benzo[a]pyrene, wa mphete zisanu, amene bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linamuika m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Nkhaniyi si yatsopano: mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anthu opala mwaye m'machumuni ankadwala khansa ya kumaliseche, ndipo mu 1933 akatswiri anapatula benzo[a]pyrene kuchokera m'phula la malasha. Mankhwalawa amabadwa paliponse pamene chinthu chikupsa mopereweza, kaya ndi nkhuni, fodya, dizilo, kapena minda ya nzimbe ikamatenthedwa ku Nchalo.

Kuti muchepetse mankhwalawa powamba, choyamba yanikani nsomba padzuwa kwa kanthawi mutazitumbula ndi kuzitsuka, pathandala lokwezeka kuti zisalowe mchenga. Dzuwa la kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje silisowa, ndipo nsomba imene yakha madzi sikhalitsa pautsi.

Chachiwiri, sankhani nkhuni zouma za mitengo yolimba, ndipo mupewe za utomoni monga paini chifukwa zimafuka mwaye wambiri. Musayerekeze kukolezera moto ndi mapulasitiki, zidutswa za matayala, kapena matabwa opakidwa penti. Ena amatero nkhuni zikanyowa nthawi ya dzinja, koma kumeneko n'kudyetsa anthu phula.

Chachitatu, dikirani kuti malawi azilale musanayale nsomba. Moto wolilima, wa utsi wakuda, ndi umene umapanga PAH wochuluka, pomwe makala onyeka bwino amaumitsa nsomba mofatsa. Waya woyalapo nsomba akhalenso patali ndi moto, osati pongotalikirana chikhatho chimodzi.

Chachinayi ndiye chachikulu pa zonse, ngakhale owamba ambiri sachilabadira. Mlamba ndi nsomba ya mafuta, ndipo ukatenthedwa mafutawo amadontha. Dontho lililonse likagwera pa khala mumamva kuti tsiii, kenako kautsi kamakwera n'kukakamira pa nsomba yomwe ija. Kautsi kameneko n'kodzaza ndi mankhwala tikunenawa, chifukwa mafuta amakhala apsa mwadzidzidzi popanda mpweya wokwanira. Njira yake ndi kuika chidutswa cha lata yoyera, yosapakidwa penti, pakati pa moto ndi nsomba, mochipendeketsa pang'ono kuti mafuta aziyenderera kukagwera m'chitini chapambali. Ngati lata palibe, sonkhani moto mbali imodzi ya uvuni ndipo nsomba muziyale mbali inayo. Uvuni wowambira nsomba wotchedwa FTT, umene bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, linathandiza kukonza ku Senegal, unamangidwa pa nzeru yomweyi, chifukwa uli ndi chotchingira mafuta kuti asafike pa moto. Makakana, nsomba zofanana ndi chambo, alibe mafuta ochuluka ngati mlamba, komabe nawonso musawayale pamwamba penipeni pa malawi.

Chachisanu, palani mwaye ndi mafuta akale pa waya musanayambe kuwamba kwina. Pogwira ntchitoyi imani mbali imene mphepo ikuchokera, ndipo amayi musawambe nsomba muli ndi mwana kumbuyo, popeza utsi umene ukukakamira pa nsomba ndi womwewo mwanayo akupuma.

Kwa inu ophika pakhomo, dziwani kuti mankhwalawa sasungunuka kwenikweni m'madzi koma m'mafuta, choncho kungotsukuluza nsomba sikuchotsa zambiri. Inyikeni m'madzi ofunda kuti ifewe, kenako palani mwaye ndi mpeni, sendani khungu lopserera n'kulitaya, ndipo madzi onyikirawo musathire mumphika wa ndiwo.