Karavani kapena motorhome yanu isagone ndi madzi m'nyengo ya chisanu

Ku Britain eni makaravani ndi ma motorhome ambiri amaimika magalimoto ogonamowa kumapeto kwa Okutobala, n'kudzawatulutsanso cha mu Malichi kapena Epulo. Ngati mwagula yanu chaka chino, ntchito yoyamba musanaitseke ndi kuchotsamo madzi onse. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo paipi yapulasitiki, pampu kapena mpope sizingapirire kukankha koteroko. Zimang'aluka mwakachetechete. Mwini wake amadzazindikira mu Epulo, atathira madzi m'thanki, n'kuona akutuluka pansi pa kabati.

Musadikire chipale chofewa. Usiku umodzi wozizira mpaka kutsika pansi pa 0°C ndi wokwanira, ndipo ku Scotland kumazizira zoopsa: ku Braemar kunafika -27.2°C mu Januwale 1982.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka, muzimitse pampu ndi chotenthetsera madzi, mudikire chizizire. Tsegulani vavu ya thanki ya madzi abwino, ya thanki ya madzi otsukira, ndi ya chotenthetseracho. Kenako tsegulani mipope yonse, kukhitchini ndi kubafa komwe. Mpope wa chogwirira chimodzi muusiye chogwiriracho chili pakati, chotukula, kuti mbali ya madzi otentha ndi ya ozizira zonse zikhuthuke. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amatsegula mbali imodzi yokha. Masulani mutu wa shawa, muugwedeze, paipi yake ilendewere pansi. Yatsani pampu kwa kamphindi kuti ilavule otsalira, koma musaisiye ikulira yopanda madzi. Ngati n'kotheka yendetsani galimotoyo pang'ono mavavu ali otsegula, madzi obisala m'makona atuluke. Mipope ndi mavavuwo zikhale zotsegula mpaka chisanu chitatha.

Zotenthetsera zina za kampani ya Truma zili ndi vavu yodzitsegukira yokha kukazizira kufika pafupifupi 3°C. Ndi yothandiza, koma imateteza chotenthetsera chokha, mapaipi ndi mipope ndi udindo wanu.

Chimbudzi nacho: khuthulani kaseti (kathanki kochotseka kosungira zonyansa), muitsuke, muchotse madzi a m'kathanki kogejemulira. Labala ya pakamwa pa kaseti muipake silikoni kapena mafuta a olivi, osati Vaseline chifukwa amawononga labala, ndipo chotsekera chake chikhale chotsegula pang'ono kuti chisamatirire.

Ku Canada ndi kumpoto kwa United States, kumene chisanu chimakhalitsa, amapitirira apa. Amapopera mpweya m'mapaipi, kenako n'kuthiramo antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wapinki wopangidwira mapaipi a madzi akumwa, mpaka atatuluka pa mpope uliwonse. Chonde, antifreeze wa injini asalowe m'mapaipi amenewa ngakhale dontho. Muli ethylene glycol, poizoni wowononga impso, ndipo amatsekemera moti ana ndi ziweto amatha kumwa.

Batire ya magetsi a mbali yogonamo, ya 12V, ikakhala yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.7V. Ikatha moto, madzi a m'kati mwake amaundana msanga ndipo batireyo imatha ntchito. Ichotseni, muisunge pouma, muziitchaja mwezi ndi mwezi. Ngati ndi ya lithium, musaitchaje kukazizira mpaka kutsika pansi pa 0°C. Gasi mutseke pa silinda penipeni. Kwa amene mukufuna kuyendabe m'miyezi yozizira, dziwani kuti gasi wa butane amaleka kutuluka kukafika cha pa 0°C, pomwe propane amagwirabe ntchito mpaka cha pa -42°C.

Mdani wachiwiri ndi chinyontho, ndipo ku Britain ameneyu ndi woopsa kuposa momwe anthu amaganizira, chifukwa amaoletsa matabwa a m'makoma osaonekera. Yenderani denga, mawindo ndi molumikizira monse, mumate pamene pang'ambika. Makushoni ndi zofunda mupite nazo kunyumba, kapena muziimike mpweya uzidutsa. Makabati akhale otsegula, firiji muitsuke n'kusiya chitseko chosatseka, apo ayi mudzapeza chuku chokhachokha. Timabowo ta mpweya musatitseke poganiza kuti mukuletsa mphepo, tinaikidwa dala. Mukafuna kufunditsa galimotoyo, gulani chofundira chodutsa mpweya. Lona wapulasitiki amasunga thukuta mkati ndipo amakanda penti kukamawomba mphepo.

Chakudya chisatsale, ngakhale paketi ya mpunga. Mbewa ikapeza pofunda imaluma mawaya ndi mapaipi omwe, monga imachitira ndi thumba la chimanga m'nyumba.

Matayala muwapope mokwanira, ndipo galimotoyo muziisuntha pang'ono mwezi uliwonse kuti isakhalire malo amodzi a tayala. Pamalo athyathyathya, ikani zotsekera ku mawilo n'kumasula handibuleki, chifukwa mabuleki amagwirana akakhala omangidwa miyezi yambiri. Motorhome ya dizilo muiimike thanki ili yodzaza kuti m'kati musachite mame.

Motorhome ikakhala kuti yaima pabwalo panu kapena kosungitsa, osati pamsewu wa boma, mutha kudziwitsa DVLA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, kudzera mu SORN, chidziwitso choti galimoto siikuyenda pamsewu, kuti musalipire msonkho wa pamsewu miyezi imeneyo. Inshuwalansi yokha ndikulangizani musaidule, pakuti akuba ndi moto sizidikira Epulo. Werengani mapepala ake bwinobwino, makampani ambiri sabweza ndalama pa zowonongeka ndi chisanu ngati madzi sanachotsedwe.