Atsogoleri a masikawuti, lekani kutuma ana kukapempha okha chilolezo kwa makolo

Tchuthi cha Ogasiti chino magulu angapo a masikawuti kuno ku Kasungu anakonza zokagona kumsasa, ndipo ambiri ananyamuka ndi ana ochepa kuyerekeza ndi amene analembetsa. Atsikana ndiye sanaoneke n'komwe. Atsogoleri akudandaula kuti makolo a kuno ndi osazindikira, sadziwa ubwino wa usikawuti. Ine ndikukana. Kulikonse kumene ndafunsa, nkhani ndi imodzi: uthenga wonse wa msasa unadzera pakamwa pa mwana.

Mtsogoleri amaima pa pelete Lachisanu, n'kuliza wenzulo, n'kulengeza kuti, "Mukawauze makolo anu kuti tikagona kumsasa masiku atatu, aliyense abwere ndi ufa, nyemba ndi ndalama ya thiransipoti." Kwa iye ntchito yatha. Mwana wa zaka 12 amafika kunyumba kuli chisisira, amayi ali kalikiliki ndi mthiko, abambo mutu uli pa mabelo a fodya amene sanagulidwebe kumsika wa Chinkhoma. Mawu amene amamveka pakhomopo ndi awiri okha, tchire ndi ndalama. Ndani angavomere? Inuyo mungapereke mwana wanu wamkazi kwa munthu amene simunamuonepo nkhope, kuti akagone naye kutchire mausiku awiri, chifukwa chakuti mwanayo wanena kuti "asala atero"?

Tisaiwale kuti ana ambiri m'magulu athu akuleredwa ndi agogo, ndipo agogowo anaona apayoniya, gulu la achinyamata la nthawi ya Kamuzu, ndi maso awo mpaka pamene asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Kwa iwo, achinyamata ovala yunifolomu, oguba pamzere, opita kumsasa, si nkhani yachibwana. Akaona sikafu m'khosi mwa mdzukulu amafuna kudziwa kuti mwini wake wa zimenezi ndi ndani. Funso limeneli mwana sangaliyankhe. Ngakhale Robert Baden-Powell amene anayambitsa usikawuti, pokonza msasa woyamba pachilumba cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, analembera makolo a anyamatawo makalata ofotokoza zimene akukachita. Ife patapita zaka zoposa 100 tikuona ngati wenzulo ndi wokwanira.

Chimene chimandiwawa kwambiri si kuchepa kwa ana. Ndi amene amapita aja. Kholo lokha ndi limene limadziwa kuti mwana uyu amagwa khunyu, uyu mphumu imamuvuta kukazizira, uyu amamwa ma ARV madzulo alionse ndipo anzake sadziwa. Mwana womwa mankhwala mobisa, mukamugoneka tenti imodzi ndi anzake asanu ndi awiri, amasiya botolo lake kunyumba kuopa kusekedwa. Masiku atatu osamwa. Mtsogoleri n'kubwerako akunyadira kuti msasa unayenda bwino, ana anaphunzira kumanga mfundo ndi kukoleza moto, osadziwa chimene chachitika. Ndipo usiku wa Ogasiti kuno kumazizira; mwana amene sanauzidwe bwino amabwera ndi chitenje chimodzi.

Bambo wina wolima fodya ndi soya cha ku Santhe anandiimitsa pamsika, njinga ili m'manja. Anati, "Alangizi, zanu zija zandiphunzitsira mwana kuba." Mnyamata wawo anapempha ndalama ya msasa kawiri, iwo n'kumukaniza poganiza kuti akufuna ya mpira wa pakanema. Tsiku lachitatu anatapa ndowa ya soya m'thumba limene anasungira mbewu, n'kukagulitsa kwa mavenda pamtengo wotaya. Bamboyo anazindikira poona kuti pakamwa pa thumba pamangidwa mfundo yachilendo, yokongola, imene iwo saidziwa. Anandiuza kuti, "Achimwene, akanabwera mtsogoleriyo kudzakhala pamkeka panga, ndikanapereka ngolo yanga kunyamula katundu wa ana onse, ulere. Panopa mwana wanga sadzapondakonso." Mnyamatayo anali wotsogolera kagulu kake, ndipo atachoka anzake a m'mudzimo anamutsatira.

Taonani zimene gulu linataya pamenepo. Ngolo, mtsogoleri wa kagulu, ana a mudzi wonse, ndi mbiri yabwino. Makolo a kuno mwina alibe ndalama m'thumba mwezi uliwonse, koma akangokolola amakhala ndi mtedza, mbatata, maungu, nkhuni, malona ofunditsira fodya amene amasanduka matenti abwinobwino. Wina ndi kalipentala, wina anagwirapo ntchito kuchipatala ndipo angaphunzitse chithandizo choyamba kuposa ifeyo. Zonsezi sizituluka ngati kholo timalikumbuka pa ndalama pokha. Chizolowezi chomaona makolo ngati thumba lotapamo chinatha ntchito kalekale, koma atsogoleri ena, makamaka amene anakhalitsa, safuna kuchisiya. Ukawafunsa amati takhala tikuchita chomwechi. Inde, n'chifukwa chake gulu lanu limayamba ndi ana odzaza kalasi mu Seputembala, pofika Julayi n'kutsala okwana pabenchi imodzi.

Palinso za malo. Kholo la m'deralo likanakuuzani msanga kuti nkhalango yokongola imene mwasankhayo ili pafupi ndi dambwe, ndipo chilimwe chino ndi nyengo ya gule ndi zinamwali. Kukhoma tenti pamenepo popanda mawu a mfumu ndi mlandu, ndipo ana osalowa amene mwawatengera kumeneko mwawaika pamoto. Amene muli m'malire a Kasungu National Park, cha ku Chulu uko, mukudziwa kuti chibwerere njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022 anthu sagona tulo. Alimi amadziwa njira imene njovu zimadzera zikatuluka. Mtsogoleri wochokera paboma sadziwa. Akanangofunsa.

Za atsikana sindinena zambiri, aliyense akudziwa chimene makolo amaopa, ndipo akulondola. Msasa wopanda mayi wamkulu wogona ndi atsikana si msasa, ndi ngozi. Atsogoleri aamuna amene mumakwiya mukafunsidwa zimenezi, dzifunseni chimene chikukukwiyitsani. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale akuoneka wamkulu bwanji.

Chochita si chovuta. Teremu ikamayamba itanani makolo kudzera kwa ahedi ndi komiti ya sukulu, kapena pa zolengeza za kutchalitchi ndi kumzikiti, osati tsiku la msika, komanso osati mvula itagwa anthu ali kumunda. Msonkhano woyamba musatchule ndalama. Ana aonetse zimene aphunzira. Sankhani makolo atatu kapena anayi, amayi akhalepo, ndipo ndalama zizisungidwa ndi iwo, kope lake lizionekera poyera. Kalata ya chilolezo ikhale m'Chichewa, yotchula malo, masiku, mayina a akuluakulu opita ndi nambala ya foni, kholo lisayine kapena kudinda chala pamaso panu. Za matenda mufunse kumbali, kholo lililonse palokha. Kumene mwana akukhala ndi agogo, kumbukirani amalume ake. Ana a matenanti a m'maesiteti aoneni msanga, chifukwa fodya akatha mabanja ambiri amasamuka. Yunifolomu isakhale chotchinga, sikafu yokha ndi yokwanira poyamba. Kaonaneni ndi mfumu, muuzenso mlangizi wa zaumoyo kuti akuthandizeni klorini wothira m'madzi, ndipo mwana aliyense adziwe nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Amene mukuganiza za msasa wa tchuthi cha Khirisimasi, yambani kuyendera makomo mwezi uno, mvula isanayambe.