Nyemba, chimanga ndi khala: phunzirani ma bond pakhonde

Mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, anabwera kuholide ndi kope la Chemistry lodzaza timadontho ndi timitanda tosonyeza ma bond, kutanthauza mmene ma atomu amagwiranirana. Nditamufunsa chifukwa chake sodium imalembedwa Na+, anangoti, "Amalume, ndi mmene zilili m'buku." Zinandikhudza, chifukwa mwanayu ndi wolimbikira, koma ankangoloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Madzulo omwewo ndinatenga nyemba m'mbale, chimanga chodzaza dzanja, timiyala ndi khala limodzi, tinakhala pansi pakhonde. Yesani nanunso motere.

Ikani mwala pansi. Umenewo ndi nucleus, chapakati penipeni pa atomu, momwe mumakhala ma proton, aliyense pulasi imodzi, ndi ma neutron opanda chaji. Lembani pamwalapo nambala ya atomuyo, yomwe ndi chiwerengero cha ma proton ake, monga ilili pa periodic table, tchati cha mitundu ya ma atomu. Ya sodium ndi 11. Jambulani ndi khala mizere itatu yozungulira mwalawo, wina kunja kwa unzake. Nyemba ndiwo ma electron, iliyonse mainasi imodzi, ndipo zikhale 11 kuti zilingane ndi ma proton. Mzere wamkati umalandira ziwiri zokha, wachiwiri zisanu ndi zitatu, yotsalayo ikakhale yokha kunja: 2, 8, 1. Kadzazidwe kameneka kakufikitsani bwinobwino mpaka pa calcium, nambala 20, bola wachitatu ukakwana zisanu ndi zitatu muyambe mzere wachinayi. Zakutsogolo zisiyeni kaye.

Pambali pangani chlorine, koma ndi chimanga: 17 pamwala, njere 2, 8, 7. Musagwiritsenso nyemba, mungadzasowe kuti njere iyi inachokera kwa yani.

Tsopano maso pa mzere wakunja basi, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Atomu imakhazikika mzere wakunja ukadzaza, monga zilili ndi neon ndi argon. Sodium ili ndi nyemba imodzi yongolendewera, chlorine ikusowa imodzi kuti ikwane 8. Musamusunthire mwanayo. Anyamule yekha nyembayo, akaiike pakati pa chimanga.

Apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Wathuyu anati, "Sodium yataya, ndiye yalowa m'mainasi." Maganizo ake ndi omveka, pamsika wotaya ndalama ndiye amalowadi m'mainasi. Sindinamutsutse. Ndinangoti, "Werenga nyemba zatsala." Khumi. "Nanga pamwala palembedwa chiyani?" Anakhala duu, chala chili pamwalapo, milomo ikuwerenga chamumtima, kenako anadzidzimuka: "Aaa, mapulasi ndi amene achuluka ndi imodzi!" Ndi imeneyo ion, atomu yokhala ndi chaji, Na+. Chlorine nayo ili ndi mapulasi 17 ndi mamainasi 18, ndiye Cl-. Ziwirizi zimakokana, ndipo kukokanako ndiko ionic bond. Mwala sunakhudzidwe konse, choyenda ndi nyemba yokha. Mwana akagwira chimenechi sadzasokonezanso chaji.

Ine mpaka lero zimandizizwitsa. Sodium ndi chitsulo chofewa, chodulika ndi mpeni, chimene amachisunga m'mafuta chifukwa chikagwera m'madzi chimalusa. Chlorine ndi mpweya wapoizoni. Koma electron imodzi ikangosamuka, timapeza mchere womwe timathira mu ndiwo.

Mupatseni mwanayo magnesium, 2, 8, 2, ndi chlorine watsopano wa 2, 8, 7, inu mukhale chete. Adzapereka nyemba imodzi n'kutsala nayo ina m'manja, kusowa koiika. Akadzati pakufunika chlorine wachiwiri, wapeza yekha MgCl2 popanda kuloweza.

Nanga ma atomu onse awiri akakhala osowa? Oxygen ndi 2, 6, ikufuna ziwiri. Hydrogen ili ndi imodzi, ikufuna ina kuti mzere wake wa ziwiri udzaze. Palibe wopereka. Jambulani mizere yawo yakunja molowana, ndipo pomwe yalowanapo ikani nyemba imodzi ndi njere imodzi ya chimanga. Zili ngati mjigo wa pamalire a midzi iwiri, mudzi uliwonse umauwerenga kuti ndi wake. Chitani chimodzimodzi ndi hydrogen wachiwiri, muwerenge: oxygen yakwana 8, hydrogen aliyense 2. Amenewo ndi madzi, H2O, ndipo kugawanako ndiko covalent bond. Kawirikawiri chitsulo chikakumana ndi chosakhala chitsulo pamakhala ionic, zosakhala zitsulo zokhazokha zimagawana. M'zitsulo monga waya wa kopa, ma electron akunja amangoyendayenda pakati pa ma ion onse, n'chifukwa chake magetsi amadutsamo.

Mawa lake muonetseni kuti ma ion alipodi. Lumikizani mabatire anayi a tochi, kababu ka LED kochokera mu tochi yakufa ndi mawaya, musiye nsonga ziwiri zosendedwa. Nsongazo zisagundane, kababu kangapse, ndipo magetsi a pasoketi musawayandikire n'komwe. Zikani nsongazo mu mchere wouma: zii. Ma ion ndi omangika, Na+ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl- asanu ndi limodzi, molimba moti mchere umasungunuka ndi moto pa madigiri 801. Thirani madzi, takasani, kababu kayaka, poti ma ion amasuka. Kakapanda kuyaka, tembenuzani miyendo yake, LED imalola magetsi mbali imodzi. M'kapu ina takasani shuga. Akusungunuka bwinobwino koma kuwala sikuwonjezeka, chifukwa iye ndi wa covalent, satulutsa ma ion. Ngati alipo, gwiritsani madzi a mvula, chifukwa a pachitsime amakhala kale ndi timichere tawo toyatsa kababu pang'ono.

Musanasese pakhondepo, akopere zonse m'kope: nyemba ikhale dontho, chimanga kamtanda. Ion iliyonse aitsekere m'mabulaketi, chaji ailembe pamwamba kudzanja lamanja, poti pa mayeso a MSCE adzajambula choncho.